Kalata ya madzi imene tinatumiza ku Nyumba ya Malamulo

Chaka chotsatira chisankho cha zipani zambiri ndinkaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale ku Nathenje. Loweruka lina m'mawa ndikuchapa, ndinangoona bambo anga akutulukira pa njinga, kumbuyo atakweza mayi wina amene sindinkamudziwa. Anachokera ku esiteti ya fodya kufupi ndi Mitundu, kumene bambo ankagwira ntchito yosankha fodya. Mayiwo ankasoka fodya m'zigafa komweko.

Sanadikire n'komwe kuti tiyi awire.

"Aphunzitsi, tabwera kuti mutilembere kalata yopita ku Nyumba ya Malamulo," anatero mayiwo. "Madzi amene tikumwa ndi a m'damu. M'damu momwemo ndi mmene amatsukira zopoperera mankhwala, ng'ombe nazo zikumwa momwemo. Mwana wanga wachiwiri ndinamuika m'manda mvula yathayi. Tinauza akapitawo, tinauza amanijala, yankho lake n'lakuti wosafuna msewu ndi uwo."

Ndinayang'ana bambo. Iwo maso anali pansi.

"Ine ndangowaperekeza awa," anatero.

Ndinawafunsa chifukwa chimene ankadzipatulira pa nkhaniyi, ndipo tsiku limenelo ndinamva nkhani imene anali asanandiuzepo. Ali mnyamata, nthawi ya atsamunda, ankagwira ntchito pa munda wa mzungu wina. Masiku amenewo malamulo ankapangidwira ku Zomba. Azungu a minda anali ndi anzawo okhala m'bwalo lomwelo, ndipo madandaulo awo ankafika msanga: akuti antchito ndi aulesi, akuti amathawa fodya asanakololedwe. Munthu wakuda analibe mpando, womulankhulira anali mzungu wa mishoni. Mphunzitsi wina anawalembera bambo ndi anzawo pepala lodandaula za chikoti cha akapitawo, onse nadindapo zala. Pepalalo linapita ndithu, koma linabwerera m'manja mwa mwini munda. Sabata isanathe nyumba zawo zinagwetsedwa, ndipo bambo anayenda wapansi masiku awiri atasenza mphasa ndi khasu.

"Pepala limadziwa kubwerera, mwanawe," anandiuza. "Ndiye pano ndakalamba. Akandithamangitsa, amayi ako ndikawasiya kuti?"

"Abambo, zinthu zinasintha," anatero mayi aja. "Si tinavota ife?"

"Kuvota tinavotera m'kachipinda, popanda wotiona. Apa mukufuna mayina."

Kunena zoona nanenso ndinkaopa. Tinakula tikunong'onezana, dzina la boma silinkatchulidwa ngakhale kudimba. Komabe ndinang'amba mapepala apakati pa kope n'kulemba, Chichewa mbali imodzi, Chingerezi mbali inayo. Mayiwo ankandiwongola ndikafuna kukometsera. "Musalembe kuti tikupempha modzichepetsa. Lembani kuti mwana anamwalira."

Anapita nayo ku esiteti, ndipo anthu anasainira mobisa kuseri kwa zigafa. Bambo anakana mpaka tsiku lomaliza. Amene anawagonjetsa ndi mayi anga, amene anangotunga madzi a m'damu mu kapu n'kuwaikira patsogolo. Bambo anasaina pansi penipeni.

Phungu wa deralo anachititsa msonkhano pa Mitundu tsiku la msika. Mayi aja anadutsa pakati pa anthu, anyamata a chipani akuwakoka chitenje, mpaka anapereka kalatayo m'manja mwa phunguyo. Iye anaipinda n'kuika m'thumba la jekete, ndipo ambiri anati yathera pomwepo.

Milungu yotsatira inali yowawa. Kapitawo anamva za kalatayo, nayamba kufunsa aliyense kuti walemba ndani. Bambo anayamba kusamutsa katundu pang'onopang'ono. Lamlungu lililonse ankabwera kwathu ndi kanthu: lero ndowa, sabata inayo nkhuku zitatu m'dengu, kenako chitseko chimene anakhoma okha. Kanyumba kanga ka aphunzitsi kanadzaza mpaka ndinkadutsa chammbali.

Kenako uthenga unafika woti phungu uja alankhula sabata imeneyo. Zokambirana za m'nyumbayo zinkaulutsidwa pa wailesi m'Chingerezi, choncho bambo ananamizira kudwala mutu kuntchito n'kubwera kuti ndiziwamasulira. Masiku awiri tinamvera za misewu ndi feteleza. Lachitatu masana, ndikuchonga makope pakhonde, ndinamva dzina la Mitundu.

"Akuti chiyani? Akuti chiyani?" bambo anandigwira mkono.

Phunguyo anawerenga za damu, za mankhwala ndi za mwana uja. Atakhala pansi, anaimirira phungu wina amene anali ndi esiteti kwawo, nati eni minda nawonso ali ndi madandaulo: antchito amadula mitengo, amachoka pakati pa ntchito. Kunabuka phokoso, ena akuwomba matebulo. Bambo anapukusa mutu, nati mawu amenewo anawamvapo kale ali mnyamata. Koma kenako nduna inayankha kuti itumiza a zaumoyo kukaona madziwo.

"Mayina awerenga?"

"Ayi, bambo. Angoti antchito a pa esiteti ina."

"Wamvetsetsa bwino? Chizungu chimathamanga."

"Sanatchule munthu ngakhale mmodzi."

Anandisiya mkono, natsamira khoma, n'kupuma mpweya wautali ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Kenako anaseka, kuseka kwenikweni mpaka kutsokomola, nandifunsa ngati m'nyumba munatsala mbatata. Kuyambira m'mawa anali asanalawe kanthu.

A zaumoyo anafikadi, amuna awiri pa njinga yamoto, natunga madzi m'mabotolo. Manijala anakwiya, koma sanathamangitse munthu. Mayi aja okha ndi amene anawachotsa m'zigafa n'kuwapatsa ntchito yothirira nazale, yosenza makeni a madzi tsiku lonse padzuwa. Nditawapepesa anati, "Msana wanga ndi womwewu, aphunzitsi, bola ana amwe zabwino."

Mjigo unakumbidwa mvula itatsala pang'ono kuyamba, pakati pa nyumba za antchito. Ndinapita kukauona nditatsekera sukulu. Ndinapeza zidebe zili pa mzere mpaka pa mtengo wa mango, amayi awiri akukangana kuti wafika poyamba ndani, ana akuthirana madzi kumapazi. Mayi anga ankadandaula kuti chogwirira chake n'cholimba, chikuwapweteka mapewa.

Bambo anagwira ntchito pa esitetipo zaka zina ziwiri, kenako anapuma mwa kufuna kwawo n'kubwerera kumudzi, kumene anayamba kulima mtedza.