Foni ya malemu inkabwera Loweruka

Ndinaulula chinthu kwa munthu wolakwika, ndipo mpaka lero sindidziwa chimene chinapha mwamuna wanga. Inu owerenga, ndikulemba izi kuti musapuse ngati ine.

Mwamuna wangayo, bambo a Tiwonge, pochokera ku Joni anabweretsa kabokosi ka wayifayi ka tinyanga tiwiri, n'kumakanyadira ngati agula galimoto. Kanali ka mtundu wakale moti mafoni atsopano ankakakana, ndipo mphamvu yake inkathera pabwalo pomwepo. Ukangodutsa mtengo wa mapeyala, basi zatha. Kunyumba kwathu ku Mzimba boma zinkalumikizika zinthu zitatu zokha: laputopu yanga ya kusukulu komwe ndimaphunzitsa, foni yanga ndi foni yawo. Anandiphunzitsa kutsegula tsamba loonetsa amene alumikizika, ati tizigwira akuba. Ndinkawaseka kuti wakuba wake ndani angataye nthawi ndi intaneti yaulesi chonchi.

Anamwalira akuchokera ku Chikangawa kokagula matabwa. Anawapeza m'mbali mwa msewu, ndipo anthu anati lole inawagunda n'kuthawa. Chikwama chinalipo, nsapato zinalipo, koma foni sinapezeke.

Maliro atatha, alamu anga, akulu awo a malemu, anayamba kubwera Loweruka lililonse kuchokera ku Embangweni kudzaona ana. Ndinkawayamikira kwambiri, chifukwa ine kwathu ndi ku Kasungu ndipo kuno ndilibe mbale.

Loweruka lina masana ndinawasiya alamu pakhonde akumwa tiyi, n'kulowa kuti nditumize malikisi a ana asukulu. Intaneti inkavuta, ndiye ndinatsegula tsamba lija. Panali mayina atatu. Lachitatu linali “Dada wa Tiwonge”, dzina lomwe malemu anaipatsa foni yawo. Ndinayang'ana pampando womwe ankakonda kukhala, koma panali pa mbee. Dzuwa litapendeka, dzinalo linasowa.

Mkati mwa sabata silinaoneke. Loweruka lotsatira linabweranso.

Apa ndi pomwe ndinapusa. Ine mphunzitsi wathunthu, wa mvano kutchalitchi, ndinakhulupirira kuti ndi mzimu wa mwamuna wanga ukudzationa. Mantha anatha, ndinayamba kumadikira Loweruka. Ndinkasesa kuchipinda, kuvala chitenje chomwe anandigulira, n'kukhala pa laputopu kumanong'oneza dzinalo nkhani za ana. Miyezi itatu inatha choncho. Sindinajambule tsambalo ngakhale kamodzi, sindinauze munthu, ndipo sindinadzifunse kuti n'chifukwa chiyani mzimu umasankha tsiku.

Tsiku lina chimwemwe chinandikulira. Ndinatuluka pakhonde, n'kugwada, n'kuwauza alamu kuti mng'ono wawo amabwera, ndipo panopa ali m'nyumbamo. Ndinawafotokozera za tsamba lija.

Sanadabwe. Anaika kapu pansi pang'onopang'ono, dzanja lawo n'kupita pa thumba la jekete.

“Mulamu, kabokosi kameneka kamafika patali bwanji?”

“Mpaka pa mapeyalapo basi,” ndinayankha.

“Mbwenu. Yewo, ndikubwera.”

Ananyamuka kupita kuchimbudzi, chomwe chili kuseri kwa mtengo uja. Ine ndinalowa m'nyumba kuti ndiwatengere laputopu adzionere okha. Ndikuyang'ana chonchi, dzina lija linazimiririka m'maso mwanga. Atabwerera pakhonde, silinabwererenso. Ndinaima pawindo, nzeru n'kundibwerera. Foni ikadziwa wayifayi ya pakhomo imalumikizika yokha ikangofika pafupi, ngakhale wina ataichotsa simu. Zimenezi ndinkazidziwa kalekale, koma chisoni chinanditseka maso. Foni ya mwamuna wanga inkabwera m'thumba mwa munthu wamoyo.

Ndinakumbukira kuti pamaliro alamu anauza anthu kuti tsiku la ngoziyo anali kumsika ku Euthini, ndipo uthenga unawapeza komweko.

Mwina foniyo anangoitola n'kuchita manyazi kuibweza. Mwina anali limodzi ndi malemu pamsewupo. Sindidziwa. Madzulo a tsiku lomwe ndinaululalo magetsi anazima, ndipo kabokosi kakale kameneka sikasunga kanthu, kakazima kamaiwala zonse. Kupolisi ndikanakanena chiyani, kuti ndinaona dzina? Komanso kuno ng'ombe za lobola zikapita, ana ndi a kuchimuna. Amene ali ndi mawu pa Tiwonge ndi mng'ono wake lero ndi alamu omwewo.

Potsanzikana tsiku limenelo alamu anandiuza mofatsa kuti kabokosiko ndikataye, kakuitana mizimu.

Inu owerenga, makamaka anamfedwa anzanga, chinthu chachilendo chikaoneka pa makina a pakhomo panu, musathamangire kunena kuti ndi mizimu. Jambulani kaye, lembani tsiku ndi nthawi, kenako muyang'ane amene ali pabwalo. Ndipo musanatsegule pakamwa, ganizirani bwino amene mukumuuzayo.

Alamu amabwerabe Loweruka lililonse. Amawanyamula ana anga pamiyendo, ine n'kugwada kuwasambitsa m'manja alamuwo.