Buledi Pamaso pa Mkamwini

Mwana wanga wamkazi anakwatiwa ku Maputo ine kulibe. Ndinangomva pafoni kuti mwamunayo ndi wa komweko, Chinyanja sachimva. Atandiuza kuti akubwera naye kudzandiona, ndinazira nyumba, ndinakumba mbatata ya kachewere, nkhuku ndinaimanga mwendo. Koma atafika ku Ulongwe anati msewu wathu wa ku Fonte Boa ngwoipa, galimoto yobwereka singafike, ndipite ndine.

Anandiitanira ku kapadariya kena katsopano, kanyumba kophikira buledi ka mayi wina amene anaphunzira ntchitoyo ku Tete. Mkatimo munkanunkhira nkhuni ndi ufa wopsa. Matebulo ake anali aang'ono, oti mawondo ako n'kumagundana ndi a mnzako. Kadzutsa anali atadutsa, nkhomaliro isanakwane, ndipo mwana wanga anati masiku ano anthu amadya ziwirizi pamodzi. Ine mumtima ndinati ulesi wa m'tauni wafika pena.

Ndinkayembekezera kuti mkamwini akhala kwina, ine ndi mwana wanga kwina. Koma iye anandikokera mpando, n'kukhala moyang'anizana nane, akumwetulira mano onse panja.

Kwathu mkamwini sadyera pamodzi ndi apongozi ake aakazi. Mukakumana panjira, wina amapatukira m'tchire. Amayi anga anamwalira mwamuna wanga asanawaonepo akutafuna. Ngakhale nthawi ya nkhondo, tili othawa ku Dedza m'chisakasa chimodzi, iwo ankadyera kuseri, mvula ikuwanyowetsa. Sichinali chidani ayi. Ndiwo ulemu waukulu umene tili nawo wopatsa mwamuna amene watenga mwana wako.

Mayi wophika uja anabweretsa buledi wozungulira, wolimba kunja, wotentha, pamodzi ndi mazira, mapeyala ndi uchi. Mkamwini anamunyema ndi manja ake, nthunzi ikutuluka, n'kupaka mantega, batala uja, n'kuika m'mbale mwanga. Anayankhula Chipwitikizi, ndipo ndinatolapo zakuti malowa anawasankha chifukwa cha ine.

Njala inalipo, kunyumba ndinachoka osalawa kanthu. Malovu anadzaza m'kamwa. Koma dzanja linakana, ndinangoyang'ana pansi.

"Amayi, idyani," anatero mwana wanga.

"Ndadya kale, mwanawe."

"Bodza. Idyani bulediyo, akukuonani."

"N'chifukwa chaketu. Uwauze bambowa atembenukire uko pang'ono, kapena ine ndikadyere panja."

"Zimenezo sindiwauza ine. Mukufuna aziti kwathu n'kotani? Tayenda ulendo wonsewu, inu kungolumako chabe kukuvutani?"

Mwambowu ankaudziwa bwino, anakulira momwemo. Akanatha kuufotokoza ndi mawu ochepa, koma anachita nawo manyazi. Analolera kuti mwamuna wake aganize kuti ndine wamwano, kusiyana n'kuti adziwe kuti ndine wakumudzi. Mpaka lero ndikakumbukira zimenezi mtima umandiwawa, ndipo ndimakwiya.

Mwamunayo anafunsa ngati buledi sanandisangalatse. Anaitanitsa wina wotsekemera. Ataona kuti ameneyonso sindinamukhudze, kumwetulira kuja kunatha. Anadya msangamsanga, maso ali pafoni. Ine ndi Chipwitikizi changa chogulitsira nyemba pamsika, ndikanayambira pati?

Potuluka mkamwini anangondigwedezera mutu. Mwana wanga anandikulungira buledi uja m'pepala n'kunena kuti, "Mukadyere kwanuko, kopanda anthu." Madzulo ake nkhuku ija ndinaimasula.

Kuchokera pamenepo mafoni anayamba kutalikirana. Mdzukulu anabadwa, ndimamuonera pachithunzi. Ndikafunsa za kubwera, yankho limakhala ntchito, kapena kutalika kwa ulendo.

Ndiye ndinayamba kachizolowezi kamene sindinauze munthu kumudzi, angandiseke. Ndikapita ku Ulongwe kukagulitsa mbatata, ndimalowa m'kapadariya kaja. Ndimagula kabuledi kamodzi n'kusankha dala mpando woyang'anizana ndi bambo aliyense amene ndamupeza akudya. Ndimadziphunzitsa kutafuna maso a mwamuna ali pa ine, ndikumayerekeza kuti ndi mkamwini wanga. Poyamba buledi ankanditsamwa. Pano ndimatha, mpaka kupaka mantega. Mwini malowo amaganiza kuti ndinapenga ndi buledi wake.

Nditaona kuti ndafikapo, ndinaimbira mwana wanga.

"Ndaphunzira tsopano. Ubwere nawo bambo a mwana adzaone."

"Mwaphunzira chiyani, amayi?"

Ndinamukumbutsa. Ndinkamva mdzukulu wanga akulira chapatali.

"Zakale zimenezo, amayi. Iwo anati kumeneko sadzapondakonso, ndipo ine ndinaleka kuwapempha."

Sabata yotsatira ndinapitabe, sindikudziwa chifukwa chake. Buledi anali atangophulidwa kumene. Ndinakhala patebulo lomwe lija n'kudya yense, mpando wa kutsogolo kwanga ulibe munthu.