Zovala za Pachingwe

Mkazi wanga anamwalira fodya ali ku nazale. Pamene anthu ankamuokera m'minda, ine n'kuti ndisanatsegule sutikesi yake.

Ndinali mlangizi wa zaulimi kufupi ndi Santhe, m'zaka zija makuponi a fetereza wotsika mtengo anali pakamwa pa aliyense. Ndinatsala m'nyumba ya lendi ndi mwana wathu wamkazi, amene anali mu sitandade wani. Kwawo kwa mkazi wanga ndi ku Chamama, ndipo kumeneko mwana ndi wa mbumba ya amake. Mwamuna akaferedwa, akuchikazi amadzatenga zovala za malemu kuti akagawane, kenako amamusudzula, kumumasula kuti azipita. Popitapo amapita yekha, mwana amatsala ndi amalume ake. Uthenga unkabwera kuti akufuna kudzaona za zovala, ine n'kumayankha kuti ntchito yandichulukira. Ntchito inalidi yambiri, koma chimene ndinkathawa ndinkachidziwa.

Loweruka lina m'mawa anangotulukira atatu: apongozi anga aakazi, mng'ono wake wa mkazi wanga, ndi mchimwene wawo wamkulu, amalume a mwana wanga. Amalumewo sanakhale n'komwe pansi. Anati amva kuti kudepoti ya ku Santhe kwafika fetereza, ndiye akaime kaye pamzere ndi kuponi yawo.

"Tikambirana ndikabwerako, alamu," anatero akukwera njinga. "Mwanayo mumusambitse."

Sindinamusambitse.

Chikwatirireni, ine ndi apongozi tinali tisanayang'anizanepo m'maso. Ndi ulemu wa kwathu. Ndikakhala ndi mawu ndinkadzera mwa mkazi wanga, iwonso chimodzimodzi. Tsopano wodzeramo uja kunalibe. Iwo anakhala pamphasa m'nyumba ndi mlamu wanga wamkaziyo, ine ndinakoka mpando n'kukhala pakhonde, pansi pa zenera. Kunja kunali kotentha, mitambo ikusonkhana cha kumadzulo koma osagwetsa kanthu.

Mwana ndiye anayamba kulankhula. "Agogo, muone katuni ya amayi."

Tinali ndi kawayilesi ka kanema koyendera batire ya galimoto, ndi chimbale chimodzi chimene mkazi wanga anapatsidwa ndi mnzake tili ku koleji. Inali katuni ya ku Japan, mawu ake olembedwa m'munsi m'Chingerezi. Mkazi wangayo ankaikonda. Ine ndinkagona isanafike pakati, ndipo ankandiseka kuti ndimafuna za mfuti zokhazokha. Mapeto ake ndinadzawaona iye atapita, chifukwa mwana ankaiika tsiku lililonse akaweruka kusukulu.

Nkhani yake ndi yochepa. Mayi wina wamwalira atangoyanika zovala pachingwe. Kumene akupitako amuuza kuti anyamuke zovalazo zikauma. Koma mvula ikungogwa. Mayiyo waima pambali pa chingwe, mwamuna wake wakhala pakhomo, ndipo sakumuona. Mulibe ndewu, mulibe kuthamangitsana. Dontho la madzi limatha kulendewera kunsonga ya malaya mpaka munthu kuyasamula.

"Alamu, chimbalechi chaima," anatero mlamu wanga pazenera.

"Chikuyenda."

"Chikuyenda kupita kuti? Mayiyu ali pomwepo chiyambire. Ikanakhala vidiyo shoo ya ku Chamama, bwenzi anyamata ataswa mabenchi."

"Zidole za ana," anatero apongozi, akuuza mlamu wangayo. Patapita kanthawi ndinawamvanso: "Tawafunsa bambo a mwanayu, akuti chiyani anthuwa?"

Ndiye ndinayamba kumasulira. Ndinkasuzumira pazenera, kuwerenga, kenako n'kulankhula nditayang'ana kubwalo. Mlamu ankabwereza mawu anga kwa mayi ake, ngakhale iwo anali atamva kale. Ndinkalankhula ngati mmene ndinkafotokozera alimi za mtunda wa pakati pa mapando a fodya.

"Ndiye kuti ndi mzukwa?" anafunsa apongozi.

"Muwauze kuti si mzukwa. Sakuvutitsa munthu. Akungodikira."

"Kutchalitchi sitiphunzira zimenezo. Munthu akafa wapita kwa Mwini wake."

Ndinaganiza kuti auza mwana azimitse, koma sanatero. Ndinamva mphasa ikukhwekhwereza, akusendera kufupi.

Khutu langa lina linali kumsewu. Njinga iliyonse yodutsa ndinkaiyesa ya amalume aja. Ku koleji ndinaphunzira kuti lamulo la boma limamuwerengera bambo pa nkhani ya mwana, ndipo ndikanatha kupita kukhoti. Koma kukaimika mayi wa mkazi wanga pamaso pa woweruza, manda asanaphwe n'komwe, ndinkadziwa kuti sindingathe. Ndinalibe china chokanira nacho.

"Koma abale ake a mayiyu ali kuti?" anatero mlamu, akuseka. "Alibe achemwali oti adzamuanulire? Anthu a kumeneku alibe mwambo eti? Mwamuna angokhala ndi zovala za mkazi ngati..."

Sanamalize. Ine ndinayang'ana nkhuku imene inkapalasa pafupi ndi dzala.

Kenako panafika pamene ndinkaopa. M'katunimo mvula ikata, dzuwa lituluka, zovala ziyamba kuuluzika ndi mphepo. Mayi uja akweza phazi kuti azipita. Mwamuna wake adzuka pakhomo paja, atunga madzi m'ndowa, n'kuthira zovala zonse, chimodzichimodzi, mosafulumira. Pamenepo palibe mawu olembedwa, ndiye ndinalibe choti ndimasulire.

"Iii," anatero mlamu chapansipansi.

"Ndiye kuti mwamunayu akudziwa," anatero apongozi. Sankauza aliyense.

Posakhalitsa chithunzi chinachepa, n'kuthima. Batire inali yatha. Mwana anadandaula, mlamu anamunyamula pamiyendo. Patapita nthawi njinga inalowa pabwalo.

Amalume anafika malaya atanyowa ndi thukuta, pakaliyala palibe thumba. Anati fetereza watha iwo ali pafupi ndi chitseko, mavenda ndiwo atuta. Anatsamiritsa njinga pamtengo mwamphamvu mpaka belu linalira lokha.

"Alamu, dzuwa lapita. Tsiku langa lawonongeka kale. Tulutsani sutikesi, mwanayo avale nsapato."

Ndinaimirira. Ndinagwira nsanamira ya khonde.

"Mwanayu ali pasukulu, alamu."

"Ku Chamama kulibe sukulu? Mlongo wanga anaphunzira kuti? Takhala tikukutumizirani mawu, inu kumatizemba ngati tikudzakulandani mbuzi. Magazi athu amenewa."

Zonse zimene ananena zinali zoona. Ndipamene apongozi anatulukira pakhomo. Sanadutse chozemba monga mwa nthawi zonse. Anaima patsogolo panga n'kundiyang'ana kumaso.

"Bambo, anazianula?"

Ndinagwetsa maso. Aka kanali koyamba kundifunsa kanthu popanda wodzeramo.

"Anazianula, mayi. Zili zonyowa chomwecho."

"Nanga mayi uja?"

"Anapita."

"Anapita bwino?"

"Sanacheuke. Koma anapita bwino."

"Amayi, mukukamba za ndani?" anafunsa amalume.

"Za zidole. Takhala chete iwe." Anatembenukiranso kwa ine. "Katengeni sutikesiyo. Mwana wanga wakhalitsa pachingwe."

Ndinalowa kuchipinda. Sutikesi inali pansi pa bedi, fumbi litakuta pamwamba. Ndinaipukuta ndi dzanja, ndipo ndinakhala kaye pansi pang'ono, kenako ndinainyamula. Inali yopepuka kuposa mmene ndinkaganizira. Ndinakaiika pamapazi pawo n'kubwerera kunsanamira yanga.

Apongozi anaitsegula pakhonde pomwepo. Fungo la sopo wake linatuluka, mlamu anatembenukira kukhoma. Iwo anasanthula mpaka anapeza chitenje chobiriwira chimene mkazi wanga ankaberekera mwana ali khanda. Anamukoleka nacho mdzukulu wawo m'mapewa, n'kutseka sutikesi.

"Uyu ndi wathu, zimenezo sizisintha," anatero. "Koma sindingamulande amake ndi abambo ake chaka chimodzi. Aziphunzira konkuno. Sukulu akatsekera muzibwera naye ku Chamama, inuyo ndi miyendo yanu, osati kumutumiza."

"Nanga akadzalowetsa mkazi wina m'nyumba muno?" anatero amalume. "Mwana wa mlongo wanga azidzatsuka mbale za mlendo?"

"Tsiku limenelo tidzakhalanso pansi. Lero si tsikulo."

Amalume anandiyang'ana nthawi yaitali. Sanavomere, koma sanatsutsenso. Anatenga lamba wa mphira amene anabwera naye kuti amangire thumba la fetereza, n'kumangira sutikesi pakaliyala. Anakoka mfundo mwamphamvu kuposa mmene zinkafunikira.

Ndinawaperekeza mpaka pamsewu, nditatsalira m'mbuyo monga mkamwini. Apongozi sanandiyang'anenso. Mlamu yekha ndiye anacheuka. "Alamu, ulendo wina mudzatipezere ya ndewu," anatero, maso ali ofiira.

Nditabwerera ndinapeza mwana atakhala pakhonde, chitenje chija chikukhwekhwereza pansi. Anandifunsa ngati tikatchajitse batire. Ndinati mawa. Kenako ndinatereka madzi pamoto, ndinamusambitsa.