Dothi Langa Silinagunde Bokosi la Alongo Anga

Inu owerenga, ndiyambe ndi kuvomera, chifukwa nkhani iyi anthu a muno m'Kanyama aikamba kale m'maminibasi ndi m'mashabini, aliyense kuthirako mchere wake. Inde, n'zoona. Tsiku loika alongo anga ine ndinafika kumanda mtumbira utaumbidwa kale, ndipo chinandichedwetsa ndi nkhani ya motoka yanga ya malaiti, zija zoyendera magetsi. Koma amene akuti motokayo ndi yachabe akunama, ndipo ndikuwauza pamaso. Wolakwa ndine, osati chitsulo. Sukulu ndinalekera giredi 3, kalata ino yanditengera masiku anayi, koma pa nkhani ya motoka pasapezeke wondiphunzitsa. Ndayendetsa malole mpaka imvi, Nakonde, Beira, Lubumbashi, osagonekapo lole pambali ngakhale tsiku limodzi.

Nditasiya malole ndinagula kamotoka kakang'ono ka ku Japan, aja amati haibulidi, kodya kuwiri, mafuta pang'ono, batire pang'ono. Sindidzakanyoza. Kananditumikira zaka zisanu ndi chimodzi, m'matope a Kanyama, m'maenje, kosadandaula. Koma kanandilera moipa pa chinthu chimodzi. Batire ikatsika, injini inkadzuka yokha n'kuidzaza. Ine ndinkangoona timizere pa kagalasi ka kutsogolo tikutsika, kenako tikukweranso, osachitapo kanthu. Mtima wanga unazolowera kuti batire ndi chinthu chodzisamala chokha.

Mukandifunsa chifukwa chake ndinakagulitsa, pagulu ndimati mafuta ankangokwera mtengo. Koma pano ndinene zoona. Timotoka totero tinachuluka, tauni yonse mataxi okhaokha, ndipo ine sindinabadwire kufanana ndi gulu. Mwana wanga Joyce anandithandiza, ndinagula ya malaiti okhaokha, yopanda thanki, yopanda utsi. Mu mzere wathu wonse woyamba ndinali ine.

Kakale kaja ndinakagulitsa kwa mnansi wanga ba Mulenga, Mubemba. Amene simudziwa za kuno, ife a kum'mawa ndi Abemba tili pa chimbuya, chibale cha chipongwe. Timanyozana mmene tifunira, palibe wokwiya, ndipo pa maliro athu iwo ndiwo amagwira ntchito n'kumatiseka kuti chisoni chisatiphe. Tsiku limene ndinabwera ndi motoka yatsopano, ba Mulenga anaizungulira kawiri, n'kuitana anthu.

“Bwerani muone wodya mbewa! Wagulitsa motoka, wagula tochi!”

Ndinawayankha kuti kolwe, ndiye nyani m'Chibemba chawo, sangadziwe za malaiti, amadziwa za mitengo. Tinaseka. Koma mawu aja akuti tochi anandikhala m'khutu.

Motokayo ndi yabwino, ndibwerezanso. Simva phokoso, simufuna oilo, ukaponda imangoti vuu. Chinali chaka chija cha chilala, madzi atachepa ku damu la magetsi la Kariba, malaiti akubwera ngati mlendo wosagona, koma ine ndinadziwa kuwadikira. Akangoti ng'ani, nthambo pakhoma, motoka ikumwa. Ndipo inali ndi chinthu china chimene wondigulitsa anandionetsa: ukalumikiza kanthambo kena pambali, motokayo imapereka moto, ungayatse nayo nyale kapena ketulo.

Kenako anamwalira ba Esinala, alongo anga aakulu. M'mimba mwathu tinabadwa asanu ndi awiri, tinatsala awiri. Ndi iwo anandilera amayi atapita. Ndi iwo ananditenga ku Katete ndili wopanda nsapato, nakandigwira dzanja mpaka kwa bwana wa malole kuti ndiyambe kutsuka matayala. Ali m'chipatala anandigwira dzanja lomwelo n'kunena kuti, “Iwe, pakamwa pako m'pakulu, koma ndiwe wanga. Dothi loyamba lidzakhale lako.” Ndinalonjeza. Inu owerenga, gwirani mawu amenewa, chifukwa nkhani yonse ili pamenepa.

Nyumba ya maliro inali kwawo, kuseri kwa Kanyama komweko, patali ndi kwanga. Tinasonkhana Lachiwiri, kuika Lachisanu. Kutentha kunali koopsa, malaiti kulibe, nyama imene abale anabweretsa inayamba kusintha fungo, mafoni a anthu ofuna kuuza a kumudzi onse atazima. Ine ndinali pa tenti ya azibambo, mutu pansi, pamene ba Mulenga anakuwa ali pa mulu wa nkhuni.

“Mbuya! Tochi yako ija ili kuti? Kapena imayaka pa ukwati pokha?”

Anali kungochita ntchito yawo ya chimbuya, kundichotsa m'chisoni. Munthu wanzeru akanangowatukwana n'kukhala pansi. Ine ndinanyamuka, ndinalowetsa motoka pabwalo, ndinalumikiza kanthambo kaja, nyale ya pakhonde n'kuyaka masana dzuwa likuswa mtengo. Anthu anati aaa! Amayi ena anaiwala kulira. Pamenepo mutu unandikula, ndinakuwa kuti, “Bweretsani vonse! Kariba yafika!”

Anabweretsadi. Firiji ya nyama inali yoyenera, sindidandaula nayo. Koma panabweranso mafoni odzaza beseni, ketulo yosapuma, sitovu ya mbale ziwiri pamene makala analipo, sipika ya kwaya, mpaka ayironi yositira mayunifomu a amayi a mpingo. Anthu a nyumba zoyandikana, osadziwa n'komwe dzina la malemu, ankabwera kudzapepesa ali ndi foni m'manja. Sindinabweze ngakhale mmodzi. Ndinkayenda pakati pawo ngati mwini damu.

Mkazi wanga, amake Joyce, anandikokera kuseri Lachitatu n'kundinong'oneza kuti, “Atate ake Joyce, nanga Lachisanu tidzayenda pa chiyani?” Ndinawauza kuti abwerere ku mapoto, za motoka azisiyire woyendetsa. Anati ndipite nayo kunyumba ikamweko malaiti akabwera. Koma mlongo wa malemu achoke bwanji pa maliro kukagona kwake? Mwambo sulola, ndipo ine ndinabisala kumbuyo kwa mwambowo. Zoona zake, sindinafune kuti tenti ikhale mumdima ba Mulenga n'kupeza chonena.

Lachinayi m'mawa motoka inadula moto yokha. Ketulo inangoti zii. Tsopano ndikudziwa kuti inali kudzisungira wotsala woti iyendere, inali ndi nzeru kuposa mwini wake. Ine ndinanama kuti ndazimitsa dala kuti ipume. Ndipo mukudziwa mmene zimakhalira, pa maliro munthu wa motoka sakana kutumidwa. Tsiku lomwelo ndinapita kumsika kukatenga kabichi, ndinapita kawiri ku siteshoni kukalandira abale a ku Katete, ndinaperekeza amayi ku mochale ndi zovala za malemu. Pa kagalasi panayamba kutuluka mawu a Chingerezi ndi kabelu kolira ting'i, ting'i. Sindinathe kuwerenga. Pa tenti panali aphunzitsi awiri, panali Joyce mwana wanga. Kufunsa kunali kwa mphindi imodzi. Koma ine, mudala wa malole, ndikafunse kuti motoka yanga ikunena chiyani, mbuya ali pomwepo akutchera khutu? Ndinati motoka iliyonse ili ndi lizevu, kotsalira kobisika kokufikitsa. Lole ndinaichotsapo ku Kafue mpaka Lusaka muvi wa mafuta utagona pansi. Ndipo penapake mumtima ndinali kudikira timizere tija kuti tikwere tokha, ngati pa kakale kaja.

Lachisanu titatuluka m'tchalitchi, ndinaima kumbuyo kwenikweni kwa motoka yonyamula bokosi, malo a mwini maliro. M'mbuyo mwanga basi, lole ya anthu, timotoka tina, ndi ba Mulenga pa kakale kanga. Ulendo wa ku manda a Chingwere. Tinayenda bwino mpaka kufupi ndi Matero. Pamenepo pa kagalasi panayaka chithunzi cha kamba, kachikasu. Chimenecho ndinachiwerenga, sichifuna sukulu. Ndinaponda, motoka ikungokwawa. Bokosi la alongo anga likutalikira, ine ndikuponda mpaka phazi kuwawa. Patsogolo pa kashopu ka wowotcherera zitsulo inangoti phee.

Apa ndi pamene ndinalakwa kwenikweni, ndipo ndikufuna mumve bwino. Kutha kwa moto sikunandichedwetse. Basi inaima, lole inaima, anthu anati kwerani mudala, motoka tidzaiona pobwera. Amake Joyce anatsika, anandigwira jekete, misozi ili mbwee, n'kuti, “Siyani chitsulo ichi, alongo anu akupita.” Ndinayang'ana lole ija, yodzaza anthu amene dzulo lake ankanditcha Kariba, onse maso pa ine. Ndinati, “Pitani, ndi kavuto kakang'ono, ndikupezani musanatsitse.” Ba Mulenga anatsitsa galasi, ndinawakupiza dzanja asanatsegule pakamwa. Anapita onse.

Zimene ndinachita pamsewu paja n'zamanyazi, koma ndalonjeza kunena zonse. Ndinaitana amuna ondikankha kuti ilire monga tinkachitira ndi malole, inakana, ilibe cholira. Wina anabwera ndi chigubu cha petulo, tinazungulira motoka yonse ngati ndaiwala kuti palibe pothira. Wowotcherera uja anati kwake malaiti anachoka dzulo, koma wometa tsitsi patsidya ali ndi kajenereta. Ndinathamangira kumbuyo kwa motoka kukatsegula, nthambo yotchajira ndinali nditaisiya pakhoma kunyumba. Foni inalira m'thumba kasanu, amake Joyce. Ndinaiyang'ana, osayankha. Ndikanati chiyani?

Za kumanda ndinazimva pambuyo. Abusa anatalikitsa ulaliki, kwaya inabwereza nyimbo. Itakwana nthawi yoponya dothi, ba Mulenga analanda mafosholo n'kukhala pa mulu wa dothi, akuti wa kum'mawa saikidwa tochi isanafike. Anthu anaseka, ndipo anawagwira choncho nthawi yaitali, chifukwa mbuya sakalipiridwa. Koma dzuwa linali pamutu, agogo ena anakomoka, abusa anali ndi maliro ena, oyendetsa basi akuliza mabelu. Ba Mulenga anati dikirani pang'ono ndikamtenge, n'kuthamangira ku motoka. Atangochoka, akulu a banja la amuna awo a malemu anati sitingasunge munthu padzuwa chifukwa cha mwano wa mmodzi. Sindiwaimba mlandu.

Ine ndinangoona kamotoka kanga kakale kakuima patsogolo panga, kali fumbi lokhalokha. Ndinakonzeka kutukwanidwa, ndinali nditakonza kale yankho. Ba Mulenga anangotsegula chitseko n'kuti, “Kwera, mbuya.” Osaseka, osatchula tochi. Pa zaka zonse zimene takhala moyandikana, tsiku limenelo ndi pamene munthu ameneyu anandipweteka. Ndinapatsa wowotcherera kiyi kuti andiyang'anire motoka. Chinthu chimene ndinakana kwa maola awiri chinatenga kanthawi kothira mchere m'ndiwo. Panjira batire ya kakale kaja inatsika, injini n'kudzuka yokha monga mwa masiku onse. Tonse tinaimva.

Tinapeza akuika maluwa. Anthu anapatuka kundipatsa njira, palibe anandiyang'ana kumaso. Ba Mulenga anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kampango komanga mfundo. Munali dothi. Analitapa pa mulu uja asananyamuke, poopa zomwezi. Ndinagwada, ndinalithira pamwamba pa mtumbira, kumutu. Inu owerenga, amene munaikapo munthu mukudziwa kulira kwa dothi loyamba likagunda bokosi, kuja kumati gu, kumene kumakuuza kuti watsanzikadi. Langa silinalire. Linangogwera pa dothi linzake.

Kuyambira tsiku limenelo aliyense wasanduka katswiri. Gulitsani mudala, vinthu ivi si va kuno, bwererani ku mafuta. Ba Mulenga anayambiranso chipongwe patapita mwezi, m'mawa uliwonse amakuwa pampanda kuti tisinthane, andiwonjezerapo ndi mbewa ziwiri. Ndikuti ayi! Sindigulitsa, ndipo amene akudikira kuti aone ine nditaweramitsa mutu pa filing'i siteshoni adzadikira mpaka Kanyama adzaleke kusefukira. Motoka ija sinandinamize. Inandiuza podula moto, inandiuza m'Chingerezi, inandiuza ndi belu, pomaliza inachita kundijambulira kamba. Wogontha ndinali ine. Ndikaigulitsa ndiye kuti ndavomera bodza lakuti cholakwa ndi chitsulo, ndipo ba Esinala sanandilere kuti ndizinamizira ena.

Koma langizo ndili nalo, ndipo ndalilipira ndi chinthu chosabwezeka. Ngati kwanu malaiti ndi osadalirika ndipo mulibe mtima wowadikira, khalani ndi kanu kodya kuwiri, palibe manyazi pamenepo. Mukagula ya malaiti, iwalani za lizevu, iwalani chigubu, iwalani kukankha, ikati yatha yathadi. Moto wake ndi miyendo yake, musamaugawe kuti anthu akutameni. Ikalemba zimene simutha kuwerenga, funsani, ngakhale mbuya wanu ali pomwepo mano ali panja. Ndipo koposa zonse, motoka ikakufera pa ulendo wa kumanda, tsika, kwera lole, ima pakati pa anthu okuseka. Kuseka kumatha. Manda safukulidwa kuti wochedwa aponyemo dothi.

Loweruka loyamba la mwezi uliwonse ndimadzuka, motoka itamwa mpaka pakhosi, nthambo ili kumbuyo, n'kupita ku Chingwere ndi khasu. Ndimadutsa pa kashopu kaja osayang'anako. Ndikafika ndimalambula udzu, ndimakhala pansi kumutu kwa mtumbira, ndimawauza mokweza, monga mmene ndimalankhulira, kuti, “Alongo, lero ndafika nthawi yabwino.” Pakamwa panga m'pakulu ndithu, oika maliro ena amachita kutembenuka. Koma iwo sayankha.