Evaristo Analembedwa Wopanda Mbale

Dailes Daka anabadwira ku Kasanda m'tauni ya Kabwe, m'nyumba za mgodi, koma ukulu wake wonse anathera ku komboni ya Makululu. Makolo ake anachokera ku Petauke kalekale, ndipo onse awiri anaikidwa ku Kabwe komweko. Pa ana asanu ndi awiri anatsala iyeyo ndi mlongo wake wamkulu, Evaristo. Mwamuna wa Dailes anapita ku Kitwe kukafuna ntchito mu 1979, ndipo kunali kupita komweko. Mayiyu ankagulitsa tomato ndi kapenta pamsika, nkumalera ana ake aakazi atatu ndi zomwezo.

Evaristo sanalembedwepo ntchito yokhazikika. Ankasenza matumba kusiteshoni ya njanji, munthu wadzitho, wa phwete lomveka kutali. Mu 1985 anagwa thumba lili paphewa, ndipo potsitsimuka mbali yonse ya kumanja inali itafa. Mkazi analibe, mwana analibe. Dailes anamutengera kwake, namupatsa chipinda, iye ndi ana nkumagona pabalaza. Ankamusambitsa, kumumeta, kumutembenuza kuti asachite zilonda. Mlongo sayenera kuona thupi la mlongo wake, koma panalibe wina, ndipo onse awiri anazolowera kuyang'ana kukhoma.

Ufa unkavuta zaka zimenezo. Atamva kutchalitchi kuti boma limathandiza okalamba ndi olumala, Dailes anatseka benchi yake ya pamsika nayenda wapansi mpaka m'tauni. Ulendo woyamba anapeza ofesi yotseka. Wachiwiri anamuuza kuti mafomu atha. Wachitatu anakumana ndi kalaliki wina, a Langford, amene anamvetsera bwinobwino, cholembera chili m'manja.

"Nanga inu ndinu ndani wawo?"

"Ndine mlongo wawo. Mimba imodzi."

"Akhala ndi inu? Ndimwe muwadyetsa?"

"Inde, bambo."

A Langford anaika cholembera pansi. "Ndiye palibe mlandu apa, amayi. Thandizo ili ndi la anthu opanda wowasunga. Awa ali naye wowasunga, ndimwe. Muli ndi manja, muli ndi miyendo, mugulitsa pamsika."

"Ndigulitsa tomato, bambo. Ndife anthu asanu m'nyumba."

"Sindine ndinalemba lamulo."

Dailes anatuluka mutu uli waukulu. Akanakhala woipa mtima, mlongo wake akanathandizidwa. Chomulepheretsa Evaristo kuthandizidwa chinali chakuti iye anamusamala.

Amene anamuuza chochita anali a Zephaniah, tcheyamani wa chipani m'dera lawo, omwe ankalemba makalata opita nawo kuofesiko. "Awa anthu afuna kuona ndi maso," anatero. "Mangani kanyumba kuseri uko, muwaikemo. Ine ndilemba kuti anatayidwa ndi abale. Akabwera kudzaona, akalemba, muwabwezere m'nyumba. Nkhani ya masiku awiri chabe."

Dailes anamufotokozera Evaristo zonse, osabisa kanthu. Evaristo, amene tsopano ankalankhula mokoka lilime, anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa. "Ndiike, mlongo wanga. Ana adye."

Anamanga kachisakasa ka malata adzimbiri ndi masaka, pafupi ndi dzala, kunja kwa malo a nyumba yawo. Anamunyamula pa wilibala mwezi wa Meyi, kuzizira kutangoyamba. A Zephaniah anakapereka kalata, ndipo kuofesi anati abwera Lachinayi.

Lachinayi silinabwere ndi munthu. Sabata yotsatira anati galimoto ilibe mafuta. Kenako anati adzabwera mosadziwitsa, chifukwa anthu a ku Makululu ngachinyengo. Choncho Evaristo sakanabwerera m'nyumba. Dailes ankapita ndi chakudya atachibisa m'chitenje ngati wakuba, ndipo bulangete labwino ankalichotsa kukacha kuti a kuofesi asadzalipeze. Anansi ena ankadziwa chifukwa chake, ambiri ayi. Pampopi, azimayi ankasiya kulankhula iye akafika. Mayi Anastazia, mtsogoleri wa gulu lawo la amayi kutchalitchi, anamuima pamaso tsiku lina namufunsa ngati akadali mkhristu. Dailes anangomulambalala, poopa kuti akafotokoza mawu angafike kuofesi.

Anabwera patapita milungu isanu ndi umodzi, masana, a Langford ndi mayi wina wovala nsapato zazitali. Anthu anasonkhana. Mayiyo anawerama pakhomo pa chisakasa, mpango uli pamphuno.

"Atate, ndani akusungani?"

Evaristo anali ataonda, chifuwa chikulira. Anayang'ana Dailes, amene anaima pakati pa anthu, kwa nthawi yaitali.

"Palibe," anatero.

"Abale mulibe?"

"Ndinali naye mmodzi."

Mawu amenewo sanali m'pangano lawo. A Langford anamuzindikira Dailes, namuloza ndi cholembera anthu onse akuona. "Si inu munabwera kuofesi? Ndiye mwawataya pa dzala? Mulibe nsoni, amayi?" Dailes anayang'ana pansi nati, "Ndinatopa nawo." Anayenera kutero kuti fomu ilembedwe, ndipo inalembedwadi.

Thandizo linafika mu Ogasiti: bulangete limodzi, sopo ndi thumba la ufa. Mu Okutobala linabweranso thumba lina. Pambuyo pake kuofesi anati chaka chimenecho zatha, adikire china.

Tsiku lija, alendo a kuofesi aja atangochoka, Dailes anabwera ndi wilibala kuti amubwezere m'nyumba. Evaristo anagwira mtengo wa chisakasa ndi dzanja lake lamoyo.

"Ndisiye. Wanena wekha."

"Alongo, si tinagwirizana? Simunati ana adye?"

"Tinagwirizana masiku awiri. Milungu yonseyi ndamva mukuseka m'nyumbamo. Mumagona bwino popanda ine."

Chimene chinamupweteka Dailes nchakuti sizinali zabodza zokhazokha. Ana anali atabwerera m'chipinda, fungo la mkodzo litatha m'nyumba, ndipo iye kwa nthawi yoyamba ankagona osadzuka kukatembenuza munthu. Anachonderera, anatuma a Zephaniah, anaitana akatekisiti. Evaristo anakana. Chakudya ankalandira, kusambitsidwa ankalola, koma dzina la mlongo wake sanalitchulenso. Ankangoti "amayi inu."

Anamwalira mu Juni chaka chotsatira, chifuwa chija chitakula. Maliro anachitikira pakhomo pa Dailes, ndipo amayi a kutchalitchi anabwera ochepa, naimba nyimbo zitatu nkumapita.

Dailes anagulitsabe pamsika kwa zaka zambiri. Achikulire a ku Makululu ankamudziwa ngati mayi amene anataya mlongo wake wolumala, ndipo iye sanadzitetezepo. Maso ake atachita khungu, mwana wake wamkulu, Exildah, anati apite nawo kuofesi akawalembetse. Dailes anakana mwaukali moti mwanayo anadabwa, ndipo nkhaniyo sanaiyambenso.