Chigoba cha Katoni ya Sopo

Fungo la petulo wa jenereta likasakanikirana ndi la mbuliuli zopserera, mpaka lero limandibwezera m'kachipinda ka vidiyo ka a Daka, kuseri kwa msika wa Kapata. Munali mabenchi a matabwa osapala, chinsalu chakuda pakhomo, ndi TV yomangidwa ndi unyolo. M'chilimwe cha chaka chimene ndinali Giredi 8, malata ankatentha mpaka thukuta la mnzako linkakudonthera pamwendo, koma palibe ankatuluka. Ndineneretu: zimene zinachitika nyengo imeneyo ndinaziyambitsa ndine, palibe anandituma, ndipo ndikazikumbuka ndimasekabe.

Filimu imene inatipengetsa inachokera ku Malawi, inadutsa pamalire a Mwami m'thumba la dalaivala wa lole. Azungu ake ankalankhula Chichewa chokhachokha, chifukwa mnyamata wina wa kumeneko anaikamo mawu ake, a amuna ndi a akazi omwe. Ngwazi ya m'filimumo anaitcha Kamvuluvulu: munthu wa chigoba chofiira, thupi lonse lotuwa mbuu, nsalu ikuuluka kumsana, wotsika padenga kudzapulumutsa anthu asanamuitane.

Ine kumeneko ndinkapita mozemba. Atate anali mphunzitsi wa masamu ndiponso mkulu wa mpingo, ndipo kwathu vidiyo inali m'gulu limodzi ndi mowa, mpira wa Lamulungu ndi gule wamkulu. Ng'oma zikamveka kuchokera kumidzi ya kuseri kwa phiri, amayi ankatseka mawindo n'kuyambitsa nyimbo ya m'buku. Choncho ndinkadziwa ngakhale mmene Kamvuluvulu amamangira nsapato, koma gule ndinali ndisanamuonepo ndi maso angawa.

Loweruka lina ndinaganiza zoopseza atsikana a pamjigo, amene ankandiseka kuti buluku langa la kusukulu likuthawa nsapato. Ndinadula katoni ya sopo, ndinaboola maso, ndinaipaka polishi wofiira wa pansi. M'mphepete munali mosongoka moipa, ndiye ndinamatamo nthenga za nkhuku kuti pabisike. Suti yotuwa ndinalibe, choncho ndinavula malaya n'kudzola phulusa thupi lonse. Kumsana ndinamanga katani ya pabalaza pathu. Nditadziyang'ana m'beseni la madzi ndinaona ngwazi ya ku America yeniyeni.

Ndinakwera padenga la chigayo cha pafupi ndi mjigowo dzuwa lili paliwombo, malata akundiwotcha mapazi, ndipo ndinalumphira pamulu wa gaga ndikukuwa ndi mawu aang'ono ngati a womasulira uja. Ndinkayembekeza kuti atsikana akuwa kenako tiseka. Sizinatero. Ndowa zinagwa, madzi anayenderera m'fumbi, azimayi anabalalika ena akukoka ana ndi dzanja limodzi. Gogo wina amene sakanatha kuthamanga anagwada, anayang'ana kumbali, n'kundiponyera kandalama kachitsulo. Ndinadzuka pagagapo, phulusa likundiyabwa. Amene sanathawe anali Mayi Jere okha, mtsogoleri wa amayi a kumpingo. Sankayang'ana chigobacho. Ankayang'ana katani, chifukwa mlungu uliwonse ankakhala pafupi nayo popemphera m'nyumba mwathu.

Dzuwa lisanalowe komboni yonse inali itamva kuti mwana wa a Mbewe, mkulu wa mpingo, walowa gule, ndipo wavina masana pafupi ndi tawuni. Ena ankati anandiona ndikupita kudambwe mwezi watha. Lamulungu abusa anafika kunyumba nkhope ili gwa, nauza atate kuti nkhaniyi ikatsimikizika atule pansi ukulu wa mpingo, ndipo asagawenso Mgonero. Atate anali atagwira mbale ya Mgonero kuyambira ine ndisanabadwe. Tsiku limenelo sanandimenye, sanandikalipire, sanadye. Anangokhala pakhonde atagwira chipewa, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa lamba.

Ndinafotokoza zonse, za katoni, za filimu, za buluku. Abusa anandifunsa ngati ndikufuna kuwauza kuti kuli mzungu amene amadzola phulusa n'kuvala nthenga. Ndinati nthengazo ndinawonjezera ndekha. Yankho limenelo silinandithandize.

Kenako atate anachita chinthu chimene chinadabwitsa aliyense. Lolemba ataweruka kusukulu anavala jekete, anatenga abusa ndi mkulu wina wokalamba, a Lungu, ndipo anandiuza kuti nditsogole. Tinadutsa pakati pa msika, ogulitsa tomato atasiya kuitanira, anyamata a njinga zonyamula anthu atatsitsa mapazi pansi. Atate anawerama n'kulowa pansi pa chinsalu chakuda chija. Ana a m'kalasi mwawo amene anali m'katimo anathawira pawindo. A Daka anapukuta benchi ndi malaya awo n'kubweza filimu kuchiyambi.

Sindidzaiwala nkhope zitatu zija m'kuwala kwa TV. Nyumba zikugwa, magalimoto akuuluka, mzungu wa tayi akuuza mnzake m'Chichewa cha ku Ntcheu kuti amumenya mpaka aiwale kwawo. Abusa anakumbatira Baibulo pachifuwa, pakamwa pali yasa. Kamvuluvulu atatsika padenga, wotuwa ndi chigoba chake chofiira, a Lungu anaimirira pang'ono n'kuloza ndi ndodo.

"Abusa, kani azungu nawonso ali ndi gule wawo?"

Ndinaona kuti nkhani ingathe kuipiraipira. Abusa anafunsa a Daka ngati munthuyo anapita kudambwe, ngati pali ng'oma, ngati pali mizimu. A Daka analumbira kuti ayi, munthuyo anangophulikiridwa ndi makina kufakitale. Abusa anatembenukira kwa atate.

"A Mbewe, mwana wanuyu si wa gule. Ndi chitsiru chabe."

"Zikomo kwambiri, abusa," anatero atate, ndipo anawagwira chanza ndi manja awiri.

Lamulungu lotsatira anagawa Mgonero monga mwa masiku onse. Ine chilango changa chinali kutungira madzi Mayi Jere pamjigo womwewo mpaka mvula itagwa, ndi kuchapa katani mpaka phulusa lithe. Akuluakulu ankaganiza kuti mnyamata wa sekondale kusenza ndowa pakati pa azimayi afa ndi manyazi. Koma atsikana aja anasiya zoseka buluku, tiana tinkandilondola tikundiitana Kamvuluvulu, ndipo gogo uja ankabwera tsiku lililonse kudzanditukwana, ine n'kumamupopera madzi. Mvula itachedwa chaka chimenecho, sindinadandaule.

Pa nthawiyo ndinkaganiza kuti anthu anathawa chifukwa chigoba changa chinali chokongola, ndipo ndinkadziona ngati wolimba mtima chifukwa cholumpha padenga la chigayo. Lero ndili ndi jekete yangayanga ndi anthu amene amandipatsa moni wa ulemu pamsika. Ndikudziwa tsopano kulemera kwa kuwerama pansi pa chinsalu chija, ana ako a sukulu akukuonerera, chifukwa chokhulupirira mawu a mwana wodzola phulusa. Komabe musandifunse ngati ndinalapa. Ndikanati ndibwererenso m'chilimwe chija, ndikanangosiya nthengazo.