Nsawa za Apongozi

Chaka chimene ndinakwatiwa ndinkaphunzitsa Chingerezi ku Chiparamba, ndipo ndinali ndi matama. Ndinkakonda kuphunzitsa ana mawu akuti "keep an eye on". Ndinkawauza kuti tanthauzo lake ndi kuyang'anira chinthu kuti chisawonongeke, osati kungochipenyetsetsa ngati wakhala pa kanema. Ndinkalongosola bwino zedi, mpaka kudzimvera ndekha kukoma.

Patchuthi tinapita kwa apongozi anga ku Chipangali. Tsiku lachitatu kunagwa maliro kumudzi woyandikana nawo, onse ananyamuka. Asanachoke, apongozi anayanika nsawa zosenda pamphasa ziwiri.

"Aphunzitsi, muziona nsawazi. Ndi mbewu yanga yonse ya chaka chino."

Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango, ndodo ili m'manja. Nkhuku zinandidziwa tsiku limenelo. Mbuzi ina ndinaithamangitsa mpaka kuchitsime, chitenje chili pafupi kumasuka.

Masana anthu anayamba kubwerera kumaliro, ndipo njira yawo inkadutsa pabwalo pathu. Aliyense ankaima kuti aone mkazi watsopano. Akapereka moni, ankawerama n'kutapa nsawa zodzaza dzanja, monga mmene anthu amachitira akapeza zoyanika. Ine mlendo ndikanamuletsa ndani? Ndinkangogwada n'kumati, "Tapani, tapani." Agogo ena ndinachita kuwathirira m'thumba la jekete.

Apongozi pofika anapeza mphasa zikuoneka mizere yake. Ndinachita manyazi kwambiri, ndinaganiza kuti m'banjali ndathera pomwepa.

"Munawauza kuti ndi mbewu?"

"Ayi, amayi."

"Mukanangotchula mawu amenewo. Kuno palibe amene amadya mbewu ya mnzake."

Kenako anaseka mpaka kupukuta misozi ndi mpango.

M'mawa mwake anandipatsa lichero, tinayenda khomo ndi khomo. Ndinkayembekeza kuti andiyalutsa. Koma paliponse anthu akamva kuti nsawa zija zinali mbewu, ankagwira pakamwa, n'kuthamangira kunkhokwe. Ena anatipatsa nsawa zikuluzikulu, ena zofiira, ena timing'onoting'ono. Lichero linadzaza, tinachita kubwereka dengu.

Pakhomo lomaliza mayi wina anafunsa kuti, "Ndiye mpongozi wanu wa kutauni uja ameneyu?"

"Ameneyu ndi mwana wanga," anayankha apongozi, akundikonzera nkhata pamutu. "Sadziwa kumana munthu. Zinazo ndimuphunzitsa ndekha."

Ndinasenza dengu lija misozi ili m'maso, osatha kuipukuta chifukwa manja onse anali m'mwamba.